Potsamira mkono pang'ambika: ndiveke kava pamwamba kapena ndisende chakale?

Mwini Wagoni:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kabokosi ka pakati pa mipando yakutsogolo, kamene ena amati console, chivundikiro chake chandithera. Galimotoyo ndi ya 2009, injini ili bwino, mipando ilibe banga, koma potsamira mkono pokhapo ndiye pakundichititsa manyazi ndikanyamula munthu. Panayamba ndi kamng'alu kochepa ngati tsitsi, mbali ya dalaivala, pomwe pamafikira chigongono. Pano mng'aluwo watalika ngati chala, m'mphepete mwake mwapindikira m'mwamba n'kuuma gwa, moti mukumandikanda ndikavala malaya a manja aafupi. Siponji yachikasu ili poyera, ndipo mwana wanga wamng'ono wapeza ntchito yomaitong'ola pang'onopang'ono.

Ndinaitanitsa kava yatsopano pa intaneti, yosokedwa kale motengera mtundu wa galimoto yangayi. Yafika yopanda ngakhale kapepala ka malangizo. Ndingoiveka pamwamba pa chakalecho kapena ndisende kaye? Nanga guluu wake ndi uti? Ntchito yotere sindinaigwirepo.

Dalaivala wa Usiku:
Ingovekani pamwamba achimwene, musadzivute. Yanga ndinaveka ngati sokosi, mphindi ziwiri basi. Patha chaka tsopano.

Wosoka Mipando:
Dikirani kaye bambo, musanamvere a Dalaivala. Makava amenewa alipo amitundu iwiri, ndipo anthu amawasokoneza. Tembenuzani yanuyo muone kunsi. Ngati ili ndi lasitiki m'mphepete kapena malamba odutsa pansi, ndi yongoveka, yomwe a Dalaivala akunenayo. Ngati m'mphepete mwake muli chabe, mwangodulidwa, ndipo ikuoneka yayikulu kuposa chivundikirocho ndi zala ziwiri kapena zitatu mbali zonse, imeneyo ndi khungu latsopano. Imafuna muchotse chivundikiro, muchigawe pawiri, mukunge kavayo n'kupindira m'mphepetemo kunsi. Yanu ndi iti?

Mwini Wagoni:
Ilibe lasitiki. Ndi yofewa, kunsi kwake kuli ngati nsalu yoyera, pamwamba pali mizere iwiri ya ulusi. M'mphepete mwangodulidwa monga mwaneneramo.

Wosoka Mipando:
Ndiye sendani chakalecho. Palibe kuchitira mwina.

Anthu amaganiza kuti kava imabisa. Sibisa, imaulula. Chinthu chofewa mukachikunga pa chinthu china chimatenga maonekedwe a chomwe chili pansicho. Milomo ya mng'alu yopindika ija idzatulukira pamwamba ngati mtsempha, ndipo poti ndi youma idzayamba kudya kava yatsopanoyo kuchokera m'kati, pamalo omwewo pomwe chigongono chimakanikiza. Komanso dzenje lomwe mwana wakumba lidzaoneka tsiku loyamba lomwelo.

Chinanso, guluu sagwira pa vinyl yakale, pulasitiki yonga chikopa yomwe yakuta chivundikirocho. Yamwa thukuta, mafuta odzola ndi polishi kwa zaka zambirimbiri. Ngati munkapakapo mankhwala owalitsa dashibodi aja, ambiri mwa iwo amakhala ndi silicone, ndipo pomwe pali silicone guluu amangotsetsereka.

Gogo Wopuma Ntchito:
Ine chomwe chimandidabwitsa n'chakuti mipando imapirira koma kachivundikiro aka n'koyamba kufa. Galimoto zanga zitatu zonse zinatero. Kodi amaikapo chikopa chachabechabe dala?

Wosoka Mipando:
Nthawi zambiri si chikopa n'komwe agogo, ngakhale m'galimoto yomwe mipando yake ndi yachikopa. Imakhala vinyl, pulasitiki ya PVC. Payokha PVC ndi yolimba, ndi yomweyo ya mapaipi a madzi. Kuti ifewe ngati chikopa amaisakaniza ndi mankhwala ofewetsa. Mankhwalawo sakhalamo mpaka kalekale, amatuluka pang'onopang'ono ndi kutentha ndi dzuwa. Akachepa, vinyl imabwerera ku chikhalidwe chake chouma. Ndiye tangoganizani chinthu chouma chili pa siponji yofewa, chigongono chikuchiboola pamalo amodzi tsiku ndi tsiku. Pampando kulemera kwa munthu kumagawanika malo aakulu ndipo pamakhala zovala pakati. Apa ndi kafupa kosongoka pa khungu la thukuta.

Mnyamata wa Sipanala:
Bwanji osangothira super glue mumng'alumo n'kupanikiza, kenako kuveka? Ine ndimatero pa zinthu zambiri.

Mayi wa Mapasa:
Ayi mwana iwe, usawanamize. Ndinayesa pa yanga. Pamauma ngati mwala, pamayera ngati pathiridwa ufa, kenako pamang'aluka pambali pa pomwe wamatapo. M'malo mwa mng'alu umodzi ndinakhala ndi itatu.

Bambo a Wagoni, ine ndinaigwira ndekha ntchito imeneyi, ndipo si ine makaniko. Chachikulu n'kuchotsa chivundikirocho m'galimoto n'kukagwirira patebulo. Musalimbane nacho chili pomwepo, msana udzakupwetekani ndipo guluu adzadontha pamipando. Tsegulani, yang'anani kumbuyo komwe kuli hinji. Pa yanga panali masikuluwu anayi. Ena amabisika pansi pa kapulasitiki kapena kakapeti ka m'bokosimo. Jambulani chithunzi pa foni musanamasule chilichonse, ndipo masikuluwuwo ikani m'kapu, chifukwa imodzi ikagwera pakati pa mpando ndi bokosi mudzaifuna mpaka dzuwa kulowa.

Wamagetsi:
Ndiponyepo mawu amodzi asanayambe kumasula. Ngati mukuchotsa chivundikiro chokha pa hinji, palibe choopsa. Koma ena hinji ikawavuta amaganiza zozula bokosi lonse. Pa galimoto zambiri kakompyuta ka ma airbag kamakhala pansi pa console pomwepo, kokhomeredwa kuchitsulo cha pansi. Mapulagi ake amakhala achikasu. Mukafika poti bokosi lonse lichoke, zimitsani galimoto, chotsani waya wa negative ku batire, ndipo dikirani, chifukwa dongosolo la airbag limasunga mphamvu kwa kanthawi batire litachotsedwa kale. Mabuku a Toyota amanena masekondi 90, makampani ena amatchula mphindi zingapo. Ine ndimangodikira mphindi khumi, sinditaya kanthu. Ndipo pulagi yachikasu musaikhudze popanda chifukwa.

Mwini Wagoni:
Zikomo bwana, zimenezi sindimazidziwa. Safunsa anadya phula. Mwamwayi hinji yanga ikuonekera. Koma masikuluwu ake si a mtanda, ali ndi kabowo konga nyenyezi.

Mnyamata wa Sipanala:
Ndi Torx imeneyo akulu. Yesani T20, ikakana T15 kapena T25. Musakakamize ndi sikuludalaiva ya fulati, mudzadya mutu wake.

Mwini Wagoni:
T20 yalowa. Chivundikiro chili patebulo. Kunsi kwake kuli pulasitiki yakuda yomwe ikuphimba m'mphepete mwa chikopacho. Ndachotsa timasikuluwu tiwiri pafupi ndi kaloko koma sikusuntha.

Wosoka Mipando:
Yatsala pa makilipi. Lowetsani chinthu chopyapyala cha pulasitiki pamsoko wa zigawo ziwirizo, ngakhale khadi lakale la kubanki, muziyenda nalo pang'onopang'ono kuzungulira. Muzimva thi, thi, kilipi iliyonse ikamasuka. Chitsulo ayi, chimasiya mabala. Pulasitiki ya zaka zimenezi imathyoka msanga ikazizira, ndiye ngati kukuzizira iikeni kaye padzuwa pang'ono. Samalani ndi kaloko, kali ndi kasipuling'i kamene kamadumpha. Onani mmene kakhalira musanakachotse.

Mukatsegula mupeza chikopacho chapindidwira kunsi n'kugwidwa ndi ma staple kapena guluu, kapena zonse ziwiri. Zulani ma staple limodzilimodzi, kutukula ndi kasikuludalaiva kakang'ono n'kukoka ndi pulayala. Musang'ambe chikopa chakale mwaukali. Chisendeni chathunthu ngati mungathe, chifukwa chikuphunzitsani zambiri: pomwe anachidula ngati V m'makona, kutalika kwa mbali yopindira kunsi, ndi pomwe anasiya malo a kaloko ndi hinji.

Mwini Wagoni:
Ndasenda. Ma staple analipo 31, ndinawerenga chifukwa chala changa chachikulu chikuwadziwa onse. Koma siponji ndiye yandifooketsa. Mbali ina yatsalira pachikopa chakale, ndipo pomwe panali mng'alu pali dzenje loti supuni yaing'ono n'kukhalamo. Ndikakhudza m'mbali mwa dzenjelo ikunyenyeka ngati buledi wouma. Walira mvula walira matope, ndikuona.

Dalaivala wa Usiku:
Ndinanena ine kuti ingovekani pamwamba. Pano mukanakhala mukuyenda.

Mayi wa Mapasa:
Inu a Dalaivala, yanuyo siterereka mukatsamira pokhota?

Dalaivala wa Usiku:
Imaterereka pang'ono, ndimangoibweza. Komanso lamba wake amapangitsa kuti chivundikiro chitsekeke movutikira. Koma ine galimoto ndi yantchito, anthu amakwera usiku, ndani amayang'ana?

Wosoka Mipando:
Ndipo a Dalaivala sakulakwa pa galimoto yawo. Yongoveka ili ndi ntchito yake, makamaka kuteteza chikopa chomwe chisanang'ambike. Koma a Wagoni agula ya mtundu wina.

Za siponji musataye mtima bambo, apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni, ndipo ndikhalitsapo.

Yonse yomwe ikunyenyeka ichoke. Tengani lezala yatsopano, dulani kuzungulira dzenjelo mpaka mufike pa siponji yomwe mukaikanikiza imabwerera. Dulani mwa makona anayi, makoma ake ali chilili, osati kutsatira mmene dzenje lakhotera, chifukwa chigamba cha makona anayi n'chosavuta kusema. Pezani siponji yolimba mofanana ndi yotsalayo. Ya matiresi ofewa siyenera, idzaphwa m'mwezi umodzi. Dulani chigamba chokulirapo pang'ono kuti chilowe mothina, chitumphuke pamwamba ndi mamilimita awiri kapena atatu. Matani, chiume, kenako palani ndi sandipepala wokhakhala mpaka chilingane ndi pena ponse. Siponji imapalika bwinobwino, anthu ambiri sadziwa. Poyesa musadalire maso. Tsinzinani, yendetsani chikhatho pamwamba pake. Chomwe dzanja lamva, kava idzachionetsa.

Mukatero yalani siponji ina yopyapyala, ya mamilimita atatu, pamwamba ponse kuti ibise msoko wa chigambacho. Pamwamba ndi m'mbali basi. Isapindikire kunsi. Ndabwereza: isapindikire kunsi.

Gogo Wopuma Ntchito:
Nanga guluu? Funso lawo loyamba lija simunaliyankhe.

Wosoka Mipando:
Zoona agogo, ndinatengeka ndi siponji. Guluu wotchedwa contact adhesive, wopopera kapena wa m'chitini, koma werengani kuti alembapo zopirira kutentha. M'galimoto yotsekedwa padzuwa mumatha kupitirira madigiri 60, ndipo chinthu chakuda chimatentha kuposa pamenepo. Guluu wamba wa mapepala ndi nsalu amafewa n'kusiya. Guluu wa mfuti yotenthetsa uja ndi tepi yomata mbali zonse, zimenezo iwalani.

Kapakidwe kake: mbali zonse ziwiri, mopyapyala, kenako dikirani. Nthawi yake yalembedwa pachitini, koma muyeso wabwino ndi kumbuyo kwa chala. Akamanata koma osatsalira pachala, wafika. Akadali wonyowa sagwira. Pa siponji musathire wambiri, amalowa m'kati n'kuuma, ndipo pomwe mwakanikiza ndi chala pamatsala kachidikha kosabwerera. Pamwamba pangofunika wochepa woti kava isayendeyende. Mphamvu yonse ili kunsi, m'mphepete. Gwirirani panja kapena mawindo ali otsegula, kutali ndi moto ndi fodya, fungo lake limazunguza mutu ndipo limayaka.

Mayi wa Mapasa:
Ndiwonjezere chomwe ine chinandipweteka: mizere ya ulusi ija. Ikapendekeka ndi pang'ono pomwe, diso limaona nthawi iliyonse mukalowa m'galimoto. Musanatsegule guluu, vekani kaye youma. Lembani pakati pa chivundikiro kutsogolo ndi kumbuyo, lembaninso pakati pa kava kunsi kwake ndi choko. Osati bolopeni, inki imatha kutulukira pamwamba ngati kavayo ndi yowala. Gwirizanitsani zizindikirozo, panani ndi mapegi oyanikira zovala kuzungulira, ndipo muiyang'ane muli chapatali. Ine ndinapeza kuti ndaitembenuza, kutsogolo kuli kumbuyo. Ndikanakhala nditapaka kale guluu bwenzi nditalira.

Pomata yambani pakati kupita kunja. Kenako kokani kutsogolo ndi kumbuyo, kenako mbali ziwirizo mosinthanasinthana, makona pomaliza. Draya ya tsitsi ikhale pafupi. Mukaiwomba mpweya wotentha vinyl imafewa ngati chikopa chonyowa ndipo imalola kuzungulira kona popanda makwinya.

Mnyamata wa Sipanala:
Heat gun, draya yamphamvu ya amisiri ija, ndiye yachangu mayi.

Wosoka Mipando:
Yachangu kuwononganso. M'manja mwa munthu woyamba imasungunula timizere ta pamwamba pa vinyl, pamatsala powala ngati pakhudzidwa ndi ayironi, ndipo sipabwerera. Draya ndi yokwana. Ngati chala chanu sichingapirire pamalopo, mwapyola.

Mwini Wagoni:
Ndabwera ndi lipoti, pali zokoma ndi zowawa. Siponji yatheka, ndinapala mpaka dzanja silikumva chigamba. Pamwamba pakungika bwino, ulusi wawongoka, zikomo mayi chifukwa cha mapegi. Makona akumbuyo ali bwino. Kona imodzi yakutsogolo ili ndi khwinya limodzi lomwe lakana.

Zowawa ndi ziwiri. Choyamba, kunsi guluu sakugwira papulasitiki. Ndinamata madzulo, m'mawa ndapeza m'mphepete mwadzuka, guluu yense ali pakava, pulasitiki ili mbee ngati sinapakidwe. Ndinayesa sitepula yanga yamanja, ma staple akungopindika. Chachiwiri, nditayesa kubwezera pulasitiki yakunsi ija, makilipi akutsogolo sakulowa.

Wosoka Mipando:
Tembenuzani chigoba cha pulasitikicho mufufuze zilembo zodindidwa, zimakhala pakati pa tizizindikiro tiwiri tonga mivi. Mwapeza chiyani?

Mwini Wagoni:
Palembedwa >PP< ndi tizilembo tina.

Wosoka Mipando:
Ndi chifukwa chake. Imeneyo ndi polypropylene, pulasitiki yomwe guluu ambiri amaikana. Ndi chifukwa chakenso opanga anaikapo ma staple 31 aja. Ikanakhala pulasitiki ya mtundu wa ABS guluu akanagwira mosavuta, ngakhale ABS nayo ili ndi vuto lake, acetone ndi thinala zimaisungunula.

Chitani izi. Matulani m'mphepetemo, chotsani guluu wakale popekesa ndi chala. Palani pulasitikiyo ndi sandipepala mpaka kuwala kuthe, pukutani ndi sipiriti, iume. Ngati mungapeze primer ya pulasitiki, yomwe opaka penti amathira pa mabampa asanapente, poperani pang'ono, imathandiza kwambiri pa PP. Kenako guluu mbali zonse ziwiri, ndipo ulendo uno mudikire mokwanira. Ndikuganiza kuti munafulumiranso.

Koma ine pa PP sindidalira guluu yekha. Ma staple akufunika, aafupi, a mamilimita 4 mpaka 6. Aatali amabowola n'kutulukira ku siponji, tsiku lina mudzawamva ndi chigongono. Sitepula yamanja imalephera chifukwa pulasitiki imanjanja ikamenyedwa. Ikani thabwa lolimba pansi pa malo omwe mukukhomawo, ndi nsalu pakati kuti kava isakandike, tenthetsani pulasitikiyo pang'ono ndi draya, ndipo kanikizani mutu wa sitepula ndi dzanja linalo. Zikakanikabe, aliyense wokonza mipando ali ndi sitepula ya mpweya, ndi ntchito ya mphindi zisanu.

Za makilipi, ndiyankheni moona: siponji yopyapyala ija inathera pati?

Mwini Wagoni:
Kutsogolo ndinaipindira kunsi pang'ono. Ndimaona ngati pakhala pofewa bwino pogwira potsegula.

Mayi wa Mapasa:
Anabwereza kawiri bambo inu!

Mwini Wagoni:
Ndavomera mayi, mlandu ndi wanga.

Wosoka Mipando:
Palibe amene sanachitepo. Mpata wa pakati pa zigawo ziwirizo anaupimira chikopa chimodzi chokha. Chilichonse chowonjezera, makilipi safika, ndipo ngakhale mutawakakamiza kaloko sikakola. Dulani siponjiyo ithere pamphepete penipeni. Onaninso m'makona, pomwe kava yadzipinda katatu kapena kanayi. Dulani tima V monga munaonera pachikopa chakale kuti mbali ziwirizo zikumane osakwerana. Koma lumo liime patali ndi mphepete yoonekera, musiye ngati theka la sentimita, apo ayi kudulako kudzasuzumira kunja mukakunga. Zotsala zonse zopitirira ma staple dulani, makamaka pozungulira mabowo a makilipi ndi a masikuluwu.

Khwinya la pakona lichoka nthawi yomweyo. Limabwera chifukwa mwakokera nsalu yonse malo amodzi. Matulani kona yonse mpaka zala zitatu mbali iyi ndi iyo, tenthetsani, kokani pakati pa kona poyamba molunjika pansi, kenako gawani zotsalazo timapinda ting'onoting'ono tambiri kunsi m'malo mwa limodzi lalikulu. Timapindato tikhale komwe pulasitiki yakunsi idzatiphimbe.

Gogo Wopuma Ntchito:
Ine ndikungowerenga, ndipo ndaganiza kuti yanga ndipereka kwa odziwa. Maso anga ndi tima V timeneti sitingamvane.

Wamagetsi:
Musanabwezere chivundikiro m'galimoto, ngati m'bokosimo muli soketi ya USB kapena ya 12V, onani kuti kampata kotulukira waya wa chaja kutsogolo sikanatsekedwe ndi kava. Ndinaonapo wina atakaphimba, chivundikiro chinkaluma waya mpaka unaduka.

Mwini Wagoni:
Zatheka akuluakulu. Ndinapala, ndinapukuta, primer ndinapeza, guluu ndinamudikira mpaka kunyansidwa. Ndi thabwa pansi sitepula yanga inalowetsa ambiri, asanu okha ndi omwe anapindika n'kuwazula. Makilipi onse alira thi. Kasipuling'i ka kaloko kanandidumpha kawiri, kachiwiri ndinakapeza m'nsapato, koma chithunzi chija chinandiwombola pokabwezera. Chivundikiro chikutsekeka ndi chala chimodzi. Kampata ka waya kali bwino bwana Wamagetsi, ndinayang'ana.

Khwinya lachepa koma silinatheretu, latsala kakang'ono pansi pa kona, mbali ya pasenjala. Ndaona kuti ndikalimbana nalonso nding'amba. Chomwe sindinayembekezere ndi mtundu. Pachithunzi kavayo inali yakuda ngati ya m'galimoto, koma nditaiika yatsopanoyo yada bii, pomwe mapulasitiki oizungulira atuwa ndi dzuwa. Usiku sizioneka, masana zikuoneka.

Wosoka Mipando:
Khwinyalo lisiyeni, likakhala padzuwa masabata angapo vinyl imakhazikika ndipo mwina lichepanso. Tsiku limodzi kapena awiri musatsamirepo mwamphamvu, guluu akhwime. Mawindo muzitsegula pang'ono fungo lituluke. Popukuta, kansalu konyowa ndi sopo wochepa basi, zowalitsa zija ayi.

Mayi wa Mapasa:
Za mtundu muzolowera, yanganso inatero. Koma mwana uja mumuuze kuti mgodi watsekedwa.

Mwini Wagoni:
Wafufuza kale ndi chala m'mawa uno, sanapeze polowera. Pano wayamba kuyang'ana kachikopa ka pa giya, komwe nakonso kayamba kusupuka.

Dalaivala wa Usiku:
A Wosoka Mipando, tiyerekeze munthu wachotsa ya lasitiki ija patatha chaka n'kupeza kuti pansi pake mng'alu wafika mbali zonse ndipo siponji yasanduka ufa. Chigamba chingathekebe, kapena ndi yosintha yonse? Ndikufunsira mnzanga.

Wosoka Mipando:
Muuzeni mnzanuyo ajambule chithunzi atumize pano, chivundikiro chili chotsegula, tione ngati chigoba chake chili chamoyo. Ayang'anenso zilembo zakunsi zija.